Ndewu ya Padenga

Lachinayi lililonse, 2 koloko masana, Reidun ankasanduka maso a mwamuna wake, ndipo ntchito imeneyi inali itamukwana kalekale.

Ankakhala awiriwiri mu holo ya mudzi, pamzere wachisanu, zitseko atakhoma. Woyatsa makina anali Reidun, wozimitsa magetsi anali Reidun yemweyo. Akatero ankakhala kumanzere kwa Oddvar, kumene kunali khutu labwino, n'kuyamba kuwerenga mokweza mawu omasulira amene amalembedwa m'munsi mwa chinsalu. Anthu a mufilimu akasiya kulankhula iye sankapuma ayi, ankafotokoza zimene akuchita.

"Wam'menya chibakera. Wagwa. Wadzuka. Winayo watola chitsulo, wam'phwanya nacho m'mutu."

"Wafa?"

"Wadzukanso. Akuthamanga."

"Eyaa! Mwamuna ndi ameneyo!" anakuwa Oddvar, n'kudzimenya pabondo.

Reidun anagwira unamwino zaka makumi atatu ndi zinayi, zambiri mwa izo kuchipinda cholandirira anthu a ngozi. Ankadziwa bwino chimene chitsulo chimachita chikatera pamutu pa munthu. Munthuyo sadzuka n'kuthamanga. Amasanza, amadziwonongera, ndipo akapulumuka amakaphunziranso kugwira sipuni mkazi wake akulira pakhonde. Koma apa ankakhala maola awiri, kukhosi kutauma, akulengeza ngati wa mpira pawailesi anthu akugwa makumimakumi, opanda dzina, opanda mayi, opanda wowalira. Galimoto ikangokhudzidwa pang'ono, yaphulika. Mafilimu a apolisi ofufuza milandu ndiye ankamunyansa kuposa pamenepo. Onse amayamba ndi mtsikana wakufa m'mbali mwa madzi, tsitsi lopesedwa bwinobwino, ndipo kuchokera apo nkhani yonse ndi ya bambo wapolisi chidakwa amene mkazi anamuthawa. Mtsikana uja amuiwala mufiriji mpaka filimu kutha.

Amene ankawakonda iye anali a mizukwa. Si kuti ankaikhulupirira mizukwayo. Anatseka zikope za anthu ambirimbiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako kudzamugogodera. Koma m'mafilimu amenewo munthu wakufa amakhalabe munthu. Ali ndi dzina, ali ndi dandaulo lake, ndipo salola kuti otsala azingomwa khofi ngati palibe chachitika. Maganizo amenewa Reidun sanauzepo munthu, chifukwa panalibe amene anamufunsa.

Wofunsidwa anali Oddvar. Pawindo la holoyo panali dayisi yathabwa, yaikulu ngati ndowa, imene anasema yekha atapuma ntchito ya injini pasitima yowolotsa magalimoto. Kuno ku Norway filimu imaweruzidwa ndi dayisi, m'nyuzipepala momwe, ndipo m'mudzi uno woweruza anali iyeyo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Akaonera filimu Lachinayi ankatembenuza dayisiyo kuti iyang'ane kumsewu: kadontho kamodzi ndiye kuti zinyalala, timadontho sikisi ndiye kuti siya chilichonse ubwere. Anthu pochokera kusitolo ankasuzumira pawindopo n'kudziwiratu chochita Lamlungu, tsiku loonetsa filimuyo kwa onse.

Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti kwa zaka zitatu tsopano woweruzayo sankaona. Pakati pa maso ake onse awiri panali patafa. Ankangoona m'mphepete, kuwala ndi mdima ndi zinthu zoyenda. Njira zonse za m'mudzimo anali nazo m'miyendo, anthu ankawazindikira ndi mawu, ndipo atasiya kuyendetsa galimoto ananamizira bondo. Anamulumbiritsa Reidun kuti asauze munthu, ngakhale mwana wawo wa ku Bergen. "Akangodziwa, dayisi andilanda," anatero. "Ndiye ndidzatsala ndi chiyani? Kudyetsa mbalame pakhonde?" Reidun analumbira, chifukwa nkhalamba yamakaniyo ankaikonda, komanso ankadziwa kuti ikunena zoona.

Filimu ya chitsulo ija inapata sikisi, monga zonse za mtundu wake.

Lolemba Reidun anakumana m'sitolo ndi Sigrun, wapampando wa komiti ya holo, atanyamula phukusi la mbatata.

"Ya sabata ino ndi ya mizukwa, ya Chipwitikizi," anatero Sigrun. "Koma ndikuuziretu, mnzanga, ikasowanso anthu ndi yomaliza, sitidzaitanitsanso. Ija ya mu Novembala tinalipo anayi, ndipo mmodzi anali wodzaphika timakeke tija ta mawafulo. Mwamuna wako akangoika kamodzi pawindo paja, anthu amangokhala kunyumba ndi amphaka awo."

Reidun anangotola mkaka n'kukalipira, mtima ukuwira.

Lachinayi linafika ndi chipale chofewa chogwa mopingasa. Asanazimitse n'komwe magetsi, Oddvar anali atayamba kale, chipewa chili pabondo.

"Uwerenge mwachangu tizipita. Imeneyi ndi ya kamodzi, ndikudziwa kale. Chitseko chitseguka chokha, mayi wina akuwa, basi yatha. Za ana zimenezo."

"Sunaione n'komwe."

"Ndione chiyani? Munthu akafa wafa. Namwino wathunthu sukudziwa zimenezo?"

"Nanga wako uja wa sabata yatha, womenyedwa chitsulo m'mutu n'kudzuka kuthamanga? Mzukwa weniweni si ameneyo?"

Oddvar anaseka, kaseko kake kaja kam'mphuno kamene ankasekera anyamata atsopano pasitima.

"Iwe Reidun, tisavutane. Ntchito yako pano ndi maso. Mutu ndi wanga. Iwe uzingowerenga, zoganizazo undisiyire."

Reidun anaima chala chili paswitchi. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, zaka zitatu akumuwerengera munthu zonse, akumunong'oneza pamsewu kuti akubwera apayu ndi uje, akumubisira manyazi ake ngati mwana wobisira mnzake amene wakodza pabedi, malipiro ake ndi amenewa: maso. Anazimitsa magetsi mwamphamvu moti switchi inalira.

Filimuyo inali ya mayi wokalamba wosoka zovala, wokhala yekha m'nyumba yaikulu yakale. Mlongo wake anatengedwa ndi anthu a boma zaka makumi anayi zapitazo, osabweranso, osaoneka ndi mtembo womwe. Mphindi khumi zoyamba Reidun anawerenga mokhulupirika, Oddvar akuyasamula mokweza kuti amveke. Kenako m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ija chitseko chinamenyetseka chokha, phaa!

Oddvar anadzidzimuka. "N'chiyani chimenecho?"

Pachinsalu panalibe kanthu, kanjira kamdima kokha ka m'nyumbamo.

"Mfuti," anatero Reidun.

Pakamwa panayankha pokha mutu usanavomere. Akanatha kubweza pomwepo, kunena kuti wanama dala, koma Oddvar anali atawongoka kale pampando.

"Mfuti? Wawombera ndani?"

"Mlongo wake uja. Sanafe ayi. Wakhala akubisala kudenga zaka zonsezi, ndiye omufuna aja amupeza."

"Ohoo! Tsono akunena kuti ya mizukwa bwanji?"

"Amafuna anthu aganize choncho. Khala chete ndizikuuza."

Kuyambira pamenepo Reidun anasiya kuwerenga n'kuyamba kupeka. Filimuyo inali yamdima kwambiri, ndipo Chipwitikizi Oddvar sankachimva ndi liwu limodzi lomwe, choncho panalibe chomutsutsa nacho. Mayi wosoka uja akanong'oneza mumdima kuti, "Kodi ukuzizidwa, mlongo wanga?" Reidun ankati, "Tenga zipolopolo izi, atsala atatu." Kabati ikagwa yokha, anali munthu waponyedwa pamasitepe. Kugogoda kwa m'khoma kunali zigawenga zikuthyola chitseko. Ndipo poti mkwiyo umanola lilime, anapeza kuti ntchitoyi akuitha modabwitsa.

Koma anapeka ngati namwino. Munthu wa m'nkhani yakeyo akamenyedwa sankadzuka. Chigawenga choyamba chitagwa, anachipatsa dzina, n'kunena kuti mwendo wapindikira kumene mwendo supindikira, ndipo chikupempha madzi. Chachiwiri chinawomberedwa m'mimba n'kutenga mphindi zisanu kuti chife, chikufunsa ngati mkazi wake auzidwa. Oddvar anasiya kudzimenya pabondo. Anakhala duu, kukamwa kuli yasa.

Chakumapeto kunali mphepo yamkuntho, mphindi zisanu ndi ziwiri zopanda liwu la munthu, matailosi akugwa padenga, mvula ikuwomba mawindo. Pachinsalu mayi uja anangokhala pampando atagwira malaya a mlongo wake. M'khutu mwa Oddvar munalowa zina. Mlongoyo anali padenga ndi mkulu wa zigawenga, phewa lamanja litathyoka, akumenya ndi dzanja lamanzere lokha. Anaterereka, anagwira chumuni, anakwawa. Mdani wake analendewera kumpope wa madzi a mvula, zala zikutsetsereka chimodzichimodzi, ndipo mlongoyo, m'malo momupondaponda, anatambasula dzanja lomwe lija lamanzere kuti amukoke, koma anachedwa. Oddvar anamugwira Reidun pamkono mpaka kumusiyira zizindikiro za zala.

Nthawi yonseyi diso lina la Reidun linali pafilimu yeniyeni. Anaona mayi uja akusoka dzina la mlongo wake pakolala ya malaya aja, n'kukawakwirira kuseri kwa nyumba, nyumbayo n'kukhala chete koyamba. Misozi inatsika yokha.

"Walira?" anatero Oddvar atamva kufwenthera. "Waona tsono! Ndimakuuza ine kuti za mfuti nazo zimagwira mtima. Koma iyi ndi ina, Reidun. Iyi munthu akamenyedwa umamva kupweteka iwe amene. Sindinaonepo yotere chibadwire."

Anapita kuwindo, anapapasa dayisi, anawerenga timadontho ndi zala, n'kulozetsa sikisi kumsewu.

Pobwerera Reidun ankayenda ngati mtsikana. Wamugwetsa mkuluyo ndi ndodo yake yomwe, ndipo Lamlungu mudzi wonse uona filimu imene ikanafera pawindo. Chimwemwecho chinatha asanavule nsapato, atakumbukira khofi. Lamlungu iwo sankaoneranso filimu, koma ikamatha ankafika kudzamwa khofi ndi mawafulo pamodzi ndi anthu, ndipo pamenepo ndi pamene Oddvar ankakhala pakati n'kumateteza dayisi yake.

Lachisanu anaganiza zomuuza. Loweruka anaganizanso. Koma nthawi iliyonse akati atsegule pakamwa, Oddvar ankayamba kumufotokozera ndewu ya padenga ngati kuti Reidun kunalibeko. Tsiku lachiwirilo Reidun anayesa kulowererapo, mwamunayo n'kumudula: "Ayi, ayi, anagwira chumuni kaye, kenako n'kukwawa. Suonetsetsa iwe, vuto lako ndi limenelo." Reidun anameza mawu ake pamodzi ndi khofi. Munthu akukukonza pa nkhani imene wapeka wekha! Anati mumtima, aone yekha.

Lamlungu masana mtima unabwerera m'malo, mantha n'kulowa. Reidun anati msewu ukuterera. Anati mutu ukumupweteka.

"Kagone," anatero Oddvar akumanga mpango m'khosi. "Njira ndikuidziwa."

Reidun anavala jekete n'kumutsatira.

Holo inali itadzaza kuposa pa Khirisimasi. Zitseko zitatseguka, oyamba kutuluka anali amuna, nkhope zili ngati anthu amene awagulitsa nsomba yowola. Patsogolo panali Magnar, wapolisi wopuma amene ankakhala tsidya lina la msewu moyang'anana ndi nyumba yawo. Iyeyu ndi Oddvar anakhala akukangana za mafilimu kuyambira ali ndi tsitsi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti dayisi ija amaifuna.

"Oddvar!" anakuwa asanafike n'komwe patebulo. "Sikisi? Sikisi, iwe? Ndakhala maola awiri kuonerera gogo akusoka malaya mumdima! Ndikanafuna zimenezo ndikanangopita kwa apongozi anga, kumeneko amapatsako ndi keke."

Anthu anaseka. Koma Sigrun anatuluka maso ali psuu, akupukuta mphuno.

"Musiye, Magnar. Ine ndalira mpaka mpango kunyowa. Oddvar, sindinkadziwa kuti m'chifuwa mwakomo muli mtima, ndinkayesa muli injini."

Amayi ena awiri anavomereza, ndi mphunzitsi wina wachinyamata. Reidun anaona kuti chimene ankafuna chachitika. Chinatsala chinali chimodzi chokha, kuti Oddvar atseke pakamwa, alandire ulemuwo, adye wafulo wake. Anamukankhira mbale pafupi, anamupakira jamu wambiri, anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Ukundipondanji?" anatero Oddvar, n'kutembenukira kumene kunkachokera mawu a Magnar. "Wapolisi iwe, zaka zonse zija unkangolemba za njinga zobedwa ndi nkhosa zosochera, ndewu ungaidziwe? Ukaona ya apolisi umadandaula kuti sakulemba mafomu. Lero wapatsidwa ndewu yeniyeni, ukuti gogo akusoka. Unagona eti? Ndewu ya padenga ija unaiona pena?"

"Denga liti?"

"Denga liti! Mwamumva? Padenga, mvula ikugwa, munthu phewa litathyoka, akumenya ndi lamanzere lokha!"

"Munthu wake uti? Mufilimu monse muja mwamuna ndi wa positi yekha, ndipo sanatsike n'komwe panjinga."

Chiseko chinaphulika. Anthu ankayesa ndi nthabwala ya akuluakulu awiriwa. Oddvar anafiira makutu. Anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo, nayamba kusonyeza: phewa lamanja analigwetsa, dzanja lamanzere analitambasula pamwamba pa makapu, akufotokoza za chumuni, za mpope, za zala zotsetsereka chimodzichimodzi, za chigawenga chopempha madzi pamasitepe. Ankafotokoza bwino, ndi mtima wonse, mawu akunjenjemera pamene panali pomvetsa chisoni.

Chiseko chija chinayamba kuchepa. Chinatha kumatebulo akutsogolo, kenako kumbuyo, mpaka kunangotsala kulira kwa chiwaya cha mawafulo. Sigrun anabwera n'kumugwira paphewa.

"Khala pansi, Oddvar. Imwa khofi wako asanazizire."

Mawu amenewo Reidun anawazindikira. Anali ofewa, apang'onopang'ono, amene iye mwini anawalankhula zaka makumi atatu ndi zinayi kwa odwala amene aiwala kuti ali kuti. Magnar naye anali atasintha nkhope. Mkulu wake anayamba chonchi, kusimba zinthu zimene sizinachitike, ndipo anamwalira osadziwa ana ake.

"Zisiye, mnzanga," anatero Magnar motsitsa. "Mwina ndi ine ndinagona. Inalipo ndewuyo."

Chifundo chimenecho ndi chimene chinamulasa Oddvar. Magnar sanamugonjerepo chibadwire. Anatembenuza mutu uku ndi uku, kufuna nkhope zimene sakanatha kuziona, kenako anatembenukira kumanzere.

"Reidun. Auze."

Anthu makumi asanu anamuyang'ana Reidun. Akanena kuti denga linalipo, amisala akhala awiri. Akanena zoona, ndiye kuti waulula maso a mwamuna wake pamaso pa mudzi wonse, lumbiro lija n'kuthera pomwepo. Anakwiyira Magnar chifukwa cha chifundo chake, anakwiyira Sigrun ndi dzanja lake lapaphewa, anakwiyira Oddvar chifukwa chosadziwa kutseka pakamwa, koma woyenera mkwiyowo ankamudziwa bwino. Anadzutsa mpando uja.

"Tiye kunyumba," anatero.

Anatuluka mu holomo. Inali 5 koloko, ana akusewerabe ndi chipale pansi pa magetsi a pabwalo la sukulu. Atalowa m'nyumba Oddvar anakhala pakabenchi kovulira nsapato, osavula kanthu, chipale chikusungunuka pachipewa.

"Reidun," anatero, mawu ali aang'ono. "Undiyankhe ngati namwino, osati ngati mkazi wanga. Mutu wanga wayamba kupita?"

Reidun anaima ndi jekete m'manja.

"Denga lija ndinaliona. Ndikukuuza zoona, ndinaliona, matailosi ofiira, mvula, nkhope ya munthu uja. Ndipo ine sindiona. Ndiye kuti anayamba ndi maso, tsopano wafika mutu. Usandibisire. Ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji ndisanakuiwale?"

Reidun anaonapo odwala ambiri ali ndi mantha otere, koma awa anawabweretsa ndi iye mwini.

"Mutu wako uli bwinobwino," anatero. "Denga kunalibe. Mfuti kunalibe. Ndinapeka ndine, zonse, kuyambira chitseko chija."

Magazi anabwerera kunkhope kwa Oddvar onse pakamodzi.

"Unapeka."

"Ndinapeka."

"Unandikhazika pampando ngati chidole, n'kumandithira bodza m'khutu maola awiri! Unandisiya ndiike sikisi! Masiku atatu ndikukusimbira, iwe uli phee! Unandisiya ndiimirire pamaso pa Magnar, Magnar weniweniyo, ndikupalasa m'mwamba ngati tambala!"

"Ndinakuponda phazi!"

"Phazi! Anthu akundiyesa wamisala, iwe ukuti phazi!"

Apa Reidun naye chivindikiro chinachoka. Anaponya jekete pansi.

"Zaka zitatu, Oddvar! Zaka zitatu ndikukuwerengera zinyalala zako! Wagwa, wadzuka, yaphulika, wagwa, wadzuka! Ndasambitsa anthu enieni omenyedwa ndi zitsulo ine, ndawatola mano m'kamwa, ndiye uzindikhazika pamenepo ndizikuimbira ngati nyimbo, iwe ukuwomba m'manja? Mtsikana aphedwe kuti chidakwa cha wapolisi chipeze chochita, iwe faifi! Ikabwera imodzi yokha imene wakufa akuwerengedwa ngati munthu, kamodzi, usanaione! Unandifunsapo tsiku limodzi kuti iwe Reidun waiona bwanji? Tsiku limodzi lokha?"

"Ukanandiuza!"

"Ndinakuuza! Unati ntchito yanga ndi maso, mutu ndi wako! Chabwino, mutu wakowo unapereka sikisi kwa filimu yanga. Yanga! Unanena wekha kuti sunaonepo yotere chibadwire. Imene unaikondayo inachokera m'mutu uwu, umene unati ukhale chete!"

Zinali zoona, ndipo ananena mokoma, koma sizinathandize kanthu. Oddvar anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono, ndipo atalankhula mawu ake anali ozizira.

"Kangati?"

"Chiyani?"

"Wandipekera kangati?"

"Kamodzi kokha. Lachinayi lapitali basi."

"Ndidziwa bwanji?"

Munthu wopenya akanamizidwa amakayang'ana yekha. Oddvar analibe kokayang'ana. Anaika nsapato zake pamalo pake, mbali ndi mbali, n'kulowa kuchipinda chochezera, ndipo chakudya chamadzulo anadya osapempha kuti auzidwe chimene chili m'mbale.

M'mawa mwake, cha m'ma 11 koloko, wa positi anaponya makalata pachitseko. Oddvar ndiye anakatola. Anabwera nawo kukhitchini, anapatula mapepala otsatsa malonda ndi zala, n'kutsala ndi envulopu imodzi yokhala ndi kawindo kapulasitiki. Reidun anapukuta manja n'kutambasula dzanja monga mwa masiku onse. Envulopuyo sinabwere.

"Yachokera kuti?" anafunsa Oddvar.

"Kuchipatala cha maso. Ndi zotsatira za mwezi watha zija. Bweretsa ndikuwerengere."

Oddvar anaitembenuza kawiri m'manja. Kenako anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, napita kukavala nsapato.

"Ukupita kuti?"

"Kwa Magnar."

"Oddvar, usachite zopusa chifukwa cha mkwiyo. Akangoona chidindo chokhacho adziwa. Pofika mawa mudzi wonse udziwa, ndipo Lachinayi dayisi idzakhala m'manja mwake."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji? Ndi kalata ya dokotala iyi, si filimu! Ukuganiza kuti ndingakunamize za maso ako?"

Oddvar anaima pakhomo, dzanja lili pachogwirira. Sanakweze mawu.

"Sindikuganiza kanthu, Reidun. Mwina ukandiwerengera zoona. Mwina ukaona kuti n'zowawa, n'kundikonzera zabwinoko, poti umatha. Ine ndikakhala pamenepo ndikumvetsera, osadziwa kuti ndi ziti. Magnar sandikonda mokwanira kuti andinamize."

Anatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa.

Reidun anaima pawindo la kukhitchini, osadziwanso woti amuponyere mkwiyo wake. Anamuona akutsata mpanda ndi dzanja mpaka pageti, akuima kumvetsera ngati kukubwera galimoto, akuwoloka. Magnar anatsegula ali ndi kapu m'manja. Oddvar anatulutsa envulopu n'kuitambasula, koma analozetsa pambali pang'ono, kumene kunalibe munthu. Magnar anayang'ana envulopuyo, anayang'ana nkhope ya mnzakeyo nthawi yaitali, kenako anakweza maso n'kuyang'ana tsidya lino, pawindo pamene panali Reidun. Anaika kapu pansi, anamugwira Oddvar pachigongono n'kumulondolera pamasitepe, ndipo Oddvar analola.